Tsiku Limene Ndinakhala Chete pa Maikolofoni

Tadala ndi Mphatso, ana anga,

Mumandiseka kuti mmodzi wa inu akangotentha thupi ndimalankhula osapumira, nkhani za m'basi, za oyandikana nawo, za anthu amene simuwadziwa n'komwe, mpaka mumandipempha m'Chingerezi chanucho kuti nditseke pakamwa mugone. Khalidwe limeneli lili ndi kumene linachokera. Popeza msana wandichotsa pantchito ndisanamere imvi, ndipo kungokhala kukundikanika, ndati ndikulembereni. Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mumamva, kungoti mumayankha m'chilankhulo cha eni dziko. Za ubwana wanga ku Balaka agogo anu anakuuzani kale, ndi zowonjezera zomwe. Ine ndiyambira pa ntchito.

2011, Middlesbrough

Ntchito yanga yoyamba kuno inali m'nyumba yosamalira okalamba. Iwe Tadala unali wakhanda. Bambo ako ankagwira ntchito yolongedza katundu, ndipo tinkapatsirana iwe pa siteji ya basi, iwo akuweruka ine ndikupita. Mtima wanga sunkakhala m'malo. Ndikamasambitsa gogo wa eni, maganizo anali pa iwe: kodi amufunditsa, kodi sanagone chafufumimba, kodi akupuma. Nthawi yopuma ndinkaithera m'chimbudzi ndi foni, kuwauza bambo ako kuti aiike pafupi ndi mphuno yako ndidzimvere ndekha. Bwana wathu, mayi wamtali wosuta fodya kwambiri dzina lawo a Denise, dzina langa la Elube linawakanika n'kungondisandutsa Ellie. Tsiku lina anandipeza ndikutuluka m'chimbudzimo maso ali psuu. Anati, "Ellie, mwanayo ali ndi bambo ake. Agogo awa ali ndi iwe wekha." Ndinakwiya, koma sananame. Antchito tinali ochepa, magolovesi ankatha mwezi usanathe, ndipo munthu wofunika kunyamulidwa ndi anthu awiri ndinkamunyamula ndekha. Msana wangawu unayambira kumeneko.

Chimene ndinatolako chinali chimodzi. Kunali bambo wina wokalamba amene ankamenya aliyense womuyandikira ndi madzi. Ine, chifukwa cha mantha anga omwe, ndinkangolankhula, ndipo Chingerezi chikandithera ndinkapitiriza m'Chichewa. Bamboyo ankatsitsa manja n'kumamvetsera. A Denise anaziona, ndipo ndi iwo amene anandikankha kuti ndikalembetse ku koleji. Satifiketi ili pakhoma paja ndinaipeza choncho, ndikuwerengera m'basi.

2013, Hull

Satifiketiyo inandilowetsa m'chipatala cha boma ngati wothandizira kumalo ojambulira odwala. Makina athu anali a MRI: chimphanga choyera chokhala ndi maginito amphamvu. Munthu amagona pakabedi n'kulowetsedwa m'katimo, ndipo makinawo amajambula za m'thupi mwake popanda kucheka. Amasokosa ngati chigayo. Ntchito yanga inali kufunsa wodwala ngati ali ndi chitsulo m'thupi, kumuvula mphete ndi mapini a m'mutu, kumugoneka, kumuveka mahedifoni, kenako kukakhala kuseri kwa galasi pambali pa wojambula, n'kumalankhula naye wodwalayo pa maikolofoni kuti asagwedezeke. Odwala anali ambiri kuposa makina. Athuwo akawonongeka ankatibweretsera ena m'chilole choima panja pamalo oimika magalimoto, ndipo ndinkakankha odwala pa njinga zawo kudutsa mphepo ya kunyanja ija yolowa mpaka m'mafupa, iwe Mphatso uli m'mimba.

Bwana wanga kumeneko, a Graham, munthu wosaseka, anandipatsa lamulo tsiku loyamba lomwelo. "Zithunzi zizituluka pa kompyuta iwe ukuona. Sunaphunzire kuziwerenga, ndipo ngakhale ine amene ndinaphunzira sindiuza wodwala. Wouza ndi dokotala. Wodwala akakufunsa, yankho ndi limodzi: adokotala akuuzani." Ndinalisunga lamulolo ngati vesi. Koma ku Hull sindinakhazikike. Akwathu anali ochepa, ndipo ndinkangoganiza kuti nditadwala ine anawa atsala ndi ndani. Bambo anu atapeza ntchito ku Bradford, woyamba kumanga katundu ndinali ine.

2016, Bradford

Kuno bwana wanga anali a Maureen, mayi wamfupi wovala magalasi pansonga ya mphuno, amene ankasunga mabisiketi m'thumba la yunifolomu. Chipatala chathu chinali chitayamba kuyesa mankhwala atsopano pa anthu a zotupa za mu ubongo. Mankhwalawa sapha chotupa okha ayi. Amadzutsa asilikali a m'thupi mwa munthu kuti akachithire nkhondo. Popeza m'mutu mwa munthu simusuzumirika, njira yodziwira ngati nkhondoyo ikuyenda inali yathu: pakapita masabata angapo wodwala ankabwera, tinkamubaya mankhwala owalitsa chithunzi, n'kumujambula atagona chimodzimodzi ngati ulendo wathawo, kuti adokotala ayerekeze chithunzi chatsopano ndi chakale. Choncho odwala amenewa ankabwerabwera, mpaka tinkadziwa amene amakonda bulangeti ndi amene safuna.

Mmodzi mwa iwo anali bambo Kachingwe, a ku Dedza, amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ankayendetsa basi mumzinda muno mpaka tsiku limene anakomoka kunyumba kwawo n'kupezeka ndi chotupacho. A Maureen anawafunsa ngati sakudandaula kuti wowagoneka akhale munthu wowadziwa. Iwo anati, "Bola wondidziwa." Ulendo woyamba, kabedi katangolowa m'phanga muja, anafinya belu la mantha limene timawagwiritsa m'manja. Ndinatsegula maikolofoni.

"Achemwali, muli komweko?"

"Ndilipo, achimwene."

"Ndiye lankhulani. Muno munthu ukumva ngati akuika kale m'manda."

Ndinalibe nkhani ina koma inu. Makina akapumira phokoso lawo, ndinkawauza za nsapato zako Tadala zimene unkavala mosemphanitsa, za nsawawa imene iwe Mphatso unaika m'mphuno, za mantha anga onse amene bambo anu anali atatopa kuwamva. Potuluka ankafunsa, "Nanga nsawawa ija inatuluka?" Ulendo uliwonse zinali choncho. A Maureen ankati, "Sindikumva zimene mukukambirana, koma mutu wake sukugwedezeka. Pitiriza."

2017, Bradford

Tsiku limene ndikufuna kuti mulidziwe linali la mvula yowaza. Bambo Kachingwe anabwera akuyenda okha, akuseka, atanyamula ambulera yothyoka. Ndinawagoneka, ndinakakhala pampando wanga, ndinayamba nkhani ya mphunzitsi wako Tadala. Kenako zithunzi zinayamba kutuluka. Sindinaphunzire kuziwerenga, koma mutu umenewo ndinali nditauona kambirimbiri. Kadontho kowala kaja, kamene ndinkakadziwa ngati nyemba, tsopano kanali ngati dzira la nkhunda, ndi mtambo wotuwa mozungulira. A Maureen anangokankhira magalasi m'mwamba. Nkhani ya mphunzitsi ndinaisiya panjira. Zimene ndinatha kunena mpaka kumapeto zinali "musagwedezeke" ndi "tatsala pang'ono".

Atatuluka anavala mphete yawo pang'onopang'ono.

"Ana ali bwanji, achemwali?"

"Ali bwino."

"Ali bwino basi?"

"Adokotala akuuzani zotsatira, achimwene."

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu. "Chabwino. Ndamva."

Inu obadwira kuno mwina simungaone chimene chinachitika pamenepo. Kwathu, munthu wochokera kwa odwala akafika n'kukhala pansi osanena kanthu, uthenga wafika kale. Lamulo la a Graham linapangidwira anthu amene chete amamutenga ngati chete basi. Ine sindinaliphwanye, koma bambo Kachingwe anachoka atamva zonse.

Lamlungu lotsatira, pa zolengeza, anatipempha kupempherera banja la a Kachingwe chifukwa likukonzekera ulendo wa kumudzi. Titaweruka, akazi awo, a Loveness, anandikokera m'khitchini ya tchalitchi n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti amuna awo anafika kunyumba n'kunena kuti chotupa chakula. Bambo Kachingwe anaimbira malume awo, a Chimtengo, amene ankakhala ku Middlesbrough, ndipo a Chimtengo analankhula ndi mayi a wodwalayo ku Dedza. Chigamulo chinali choti munthu apite kwawo miyendo ikadali yake, mayi ake amuone ndi maso, asadzabwere m'bokosi. Tsiku lokaonana ndi adokotala linali lisanafike, koma sankafuna kulidikira.

"Nanga inu mukuti bwanji?" ndinawafunsa.

"Ine ndine mkazi chabe, mayi a Tadala. Mwini munthu ndi malume. Koma kumudzi mankhwala amenewa kulibe. Akakwera ndege, basi kwatha." Anandigwira dzanja. "Munaona chiyani?"

"Sindingakuuzeni."

"Ndiye mwatiuza kachiwiri," anatero.

Lolemba ndinafika kuntchito ndisanadye kanthu, ndinawakokera pambali a Maureen n'kuwafotokozera zonse. Poyamba sanamvetse. "Koma sunamuuze kanthu." Ndinati, "Vuto lake ndi lomwelo." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenako ananditenga kwa dokotala wa bambo Kachingwe, mayi wodekha dzina lawo a Nasreen. Iwo anaimba foni tsiku lomwelo. Bambo Kachingwe anavomera kubwera, koma anapempha ziwiri: malume awo akhalepo, ndipo womasulira ndikhale ine, chifukwa nkhani ya imfa a Chimtengo sangaimve m'Chingerezi. Tikupita kuchipindako a Maureen anandiimitsa m'khonde. "Ukamasulire zimene adokotala anene, basi. Ukawonjezera zako, ine sindingakutchinjirize."

A Chimtengo anali bambo wachikulire woonda, wa jekete lakuda, chipewa chili pabondo. A Nasreen anaika zithunzi ziwiri pa kompyuta, chakale ndi chatsopano, ndipo sanabise kanthu. Anati malo owalawo akuladi. Koma anati ndi mankhwala amenewa nthawi zina asilikali a m'thupi akathamangira ku chotupa, pamalopo pamatupa, ndipo pachithunzi pamaoneka ngati chotupa chakula. Chithunzi chimodzi sichingasiyanitse. Pamafunika kudikira masabata angapo n'kujambulanso. Ndinamasulira, koma nkhope ya a Chimtengo sinasinthe. Ndinapempha chilolezo kwa adokotala kuti ndipereke chitsanzo.

"Zili ngati wakuba akagwidwa pamsika, bambo. Mukaima patali mumaona chigulu chachikulu, koma wakubayo ndi mmodzi yemwe uja. Enawo ndi omugwira."

"Kapena akubawo ndi amene achuluka," anatero a Chimtengo.

Ndinamasulira zimenezo. A Nasreen anavomera. Anati n'kutheka ndithu, ndipo kawirikawiri kukulako kumakhala kwenikweni. Chowalimbitsa mtima chinali chakuti wodwalayo akuyenda bwino, akulankhula bwino, mutu sukumupweteka kuposa kale. A Chimtengo anafunsa ngati, kukulako kukakhala kwenikweni, munthuyu adzathebe kukwera ndege pambuyo pa masabata amenewo. A Nasreen anati sangalonjeze.

Kenako a Chimtengo anatembenuza mpando wawo n'kuyang'ana ine.

"Adokotala tawamva. Iwowa odwala ali nawo ambiri. Inu ndinu mwana wakwathu, mumadziwa tanthauzo la mayi kulandira bokosi pabwalo la ndege. Mukuti bwanji inuyo?"

Ana anga, ndinaganiza za ntchito, za lendi ayi koma za inu, kuti nditachotsedwa tidzasamukiranso kuti. Ndinaganiza za mayi wa ku Dedza amene sindinamuonepo. Yankho la a Graham linali pamlomo, lokonzeka. Koma ndinali nditaona kale chimene chete wanga amachita. Ndikanakhalanso chete, a Chimtengo akanamva kuti nyamukani.

"Sindikudziwa chimene chili m'mutumo, bambo, ndipo sindinaphunzire kudziwa. Koma akanakhala bambo a Tadala, ndikanawagwira mwendo kuti adikire chithunzi chinacho."

Nditatero ndinatembenukira kwa a Nasreen n'kuwauza m'Chingerezi funsolo ndi yankho langa, liwu ndi liwu, kuti pasakhale chobisika. Amene analankhula anali bambo Kachingwe, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana mphete yawo.

"Malume, ulendowu udikire."

A Chimtengo anavala chipewa ali chikhalire. "Mwamva nonse. Mwana wa mlongo wanga akafera kuno, wokawauza mayi ake mudzakhala inu, mayi."

A Maureen anandidzudzula tsiku lomwelo, chitseko chotseka, ndipo anati zikadzachitikanso nkhaniyo idzakwera pamwamba. Sindinatsutse. Masabata otsatirawo ndi amene mwina iwe Tadala ukuwakumbukira, pamene ndinkakukalipira chifukwa cha kapu yogwa. Kutchalitchi nkhani inali itafala, ndipo amayi ena ankandipatsa moni wa nsonga za zala. Ine ulaliki sindinkaumva. Maso anga anali pa bambo Kachingwe: kodi mwendo uja akuukoka, kodi buku la nyimbo aligwira ndi dzanja liti, bwanji akhala pansi anzawo ataimirira. Lamlungu lina sanabwere, ndipo ndinatuluka pakati pa pemphero kukawaimbira a Loveness. Chinali chimfine. Bambo anu anati, "Iwe udzafa wodwalayo ali moyo." Ndinayamba kuyang'ana ntchito ku mizinda ina, ngati kuti kusamuka kukanachotsa mawu a a Chimtengo m'makutu mwanga.

Tsiku lojambulanso litafika, ndinaganiza kuti a Maureen andichotsa m'chipindamo. Koma bambo Kachingwe anali atanena kale kuti popanda achemwali awo salowa m'phangamo. Nditawagoneka n'kubwerera kuseri kwa galasi, ndinapeza a Maureen atatembenuza mpando wanga kuyang'ana kukhoma, maikolofoni ataikokera m'mphepete mwa tebulo.

"Lero ukhala chonchi," anatero. "Wodwala ndimuyang'ana ine. Iwe lankhula."

Ndinalankhula. Ndinamalizitsa nkhani ya mphunzitsi ija, ndinanena za basi imene inandisiya, za malaya a sukulu amene anafupika, za agogo anu amene ankafuna kuti tiwatumizire nsapato za mvula. Pakhoma paja panali chithunzi cha kasambidwe ka m'manja, ndipo ndinachiyang'ana mpaka kuchiloweza. Kumbuyo kwanga ndinkamva a Maureen akudina kompyuta, akutafuna bisiketi. Sindinacheuke.

Zotsatira ndinazimva patapita masiku, osati kwa adokotala. Ndikutuluka pachipata cha chipatala ndinapeza a Loveness ndi amuna awo akundidikira, atanyamula mandazi m'pepala. A Loveness anangoti, "Chaphwa," n'kuyamba kulira. Malo owala aja anali atachepa kuposa mmene analili pachiyambi pomwe. Bambo Kachingwe anandiloza ndi ambulera yothyoka ija.

"Tsiku lija munalongolola ngati wailesi, achemwali. Ndinatchera khutu kuti ndimve mmene zilili, osatolapo kanthu."

"N'chimene tinkafuna," ndinatero.

Kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene ndinasiya ntchito, wodwala wa chotupa cha mu ubongo akalowa, mpando wanga unkayang'ana kukhoma.

2019, Bradford

Musaganize kuti anachira. Mankhwalawo anawagwira kwa nthawi ndithu, anaona mwana wawo wamkulu akumaliza sukulu, kenako chotupa chinayambanso. Ulendo uno anajambula, anadikira, anajambulanso, ndipo a Nasreen anawauza kuti kukulaku n'kwenikweni. Bambo Kachingwe anakwera ndege ndi miyendo yawo, akazi awo ali pambali. Mayi awo anawalandira wamoyo, ndipo anakhala nawo dzinja lonse mpaka kudya mondokwa.

Nthawi yonseyi a Chimtengo sanandipatsepo moni. Tikakumana pa zochitika za Amalawi ankayang'ana kumbali, ndipo ine ndinkawalambalala.

Loweruka lina masana kunamveka kugogoda, ndipo unatsegula ndiwe Mphatso. Anali iwo, jekete lakuda lomwe lija, atakwera mabasi kuchokera ku Middlesbrough. Ndinawalowetsa, ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anayankha, anaika chipewa pabondo, n'kukhala chete. Ndinamva. Ndinakhala pansi pamphasa ya pabalaza paja, ndipo tinakhala choncho kanthawi.

"Watisiya dzulo, ali m'manja mwa mayi ake," anatero pomaliza. "Kutchalitchi alengeza mawa. Sindinafune kuti mumvere kumeneko pamodzi ndi gulu, kapena pa foni. Uthenga wa maliro umayamba ndi abale."

Iwe Mphatso unali utaima pakhomo la khitchini, ndipo unandifunsa m'Chingerezi kuti agogowa ndi ndani. Ndisanatsegule pakamwa, a Chimtengo anakuyankha okha, m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti umve.

"Ndine malume a mayi ako."